Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

Anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje sasowa wowalozera kumene kuli sukulu ya ukachenjede ya Bunda. Phiri limene linapatsa sukuluyi dzina ambiri amaliona ali m'minda mwawo, ndipo akuluakulu amakumbukira kuti ndi paphiri lomweli pamene makolo ankapita kukapempha mvula chilala chikavuta. Ophunzira a pa Bunda amagula ndiwo pamsika wa Mitundu, ena amachita lendi m'nyumba za m'midzi yozungulira, ndiponso chaka ndi chaka amafika m'makomo ndi mapepala awo kudzafunsa alimi za mbewu ndi ziweto. Chotero ikamveka mbiri yakuti wophunzira wakutiwakuti wasankhidwa kukaphunzira kunja kwa miyezi ingapo, nkhaniyo imafika mpaka pabwalo ndi pamtondo.

Masiku ano mwayi wotere ukunka nuchepa, ndipo mtengo wake ukunka nukwera. M'nkhani ino tiona chimene chasintha m'zaka zapitazi, ndiponso zimene mnyamata kapena mtsikana amene mwayi wamugwera ayenera kukonza asanakwere ndege. Pasipoti, viza ndi jekete la mphepo n'zofunika ndithu, ndipo tizitchula. Koma ife tikuti katundu woposa yense ndi funso limene wophunzirayo wanyamula kuchokera kumunda kwawo.

Sukulu yokulira m'manja mwa abwenzi

Bunda inakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi m'chaka cha 1967, dziko lino litangotha zaka zitatu likudzilamulira lokha. Thandizo lalikulu loyambira linachokera ku boma la America kudzera m'bungwe lake la USAID, ndipo ena mwa aphunzitsi oyamba anachokera ku University of Massachusetts. Pambuyo pake kunadza ubale ndi dziko la Norway, makamaka ndi sukulu yake ya zaulimi ya ku Ås imene lero imatchedwa NMBU, kumene ena mwa aphunzitsi a pa Bunda anakasulidwa. M'chaka cha 2012 Bunda inachoka m'khola la Yunivesite ya Malawi n'kukhala phata la sukulu yatsopano ya LUANAR, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi Natural Resources College.

Ubale wake si wa ku Ulaya ndi ku America kokha ayi. Bunda ili m'bungwe la RUFORUM, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2004 ndipo likulu lake lili ku Kampala. Bungweli limalumikiza sukulu za ukachenjede zophunzitsa zaulimi mu Africa, ndipo kudzera m'mgwirizano umenewu ophunzira a m'maiko ena akhala akubwera pa Bunda kudzaphunzira za ulimi wa nsomba. Motero sukuluyi imadziwa mbali zonse ziwiri za ulendo, kutumiza ana ake kwa eni ndi kulandira ana a eni.

Kodi kusinthana ophunzira n'chiyani?

Kupita kunja kukafuna nzeru si kwachilendo kwa Amalawi. John Chilembwe anapita ku America m'chaka cha 1897, naphunzira ku Lynchburg, nabwerera m'chaka cha 1900 kudzayambitsa mishoni yake ku Chiradzulu. Dr H. Kamuzu Banda anakhala kunja zaka zoposa 40 asanabwerere m'chaka cha 1958. M'chaka chomwecho Legson Kayira ananyamuka wapansi, nayenda mpaka kukafika ku Khartoum, ndipo anakalowa sukulu ku America patapita zaka ziwiri. Anthu amenewa anali ndi zaka zambiri zozolowera dziko la eni ndi kufufuza chimene ankafuna.

Wophunzira wa pamgwirizano wosinthana alibe zaka zimenezo. Iye amakhalabe mwana wa sukulu yake ya kuno, ndipo digiri yake adzailandira konkuno. Kunjako amangopita kwa chigawo chimodzi cha chaka cha sukulu, miyezi inayi kapena isanu, ndipo ukatalika ulendowo sumapitirira chaka. Kawirikawiri salipira fizi kusukulu yomulandira, pakuti sukulu ziwirizo zimakhala zitapangana kale. Ndondomeko yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi Erasmus ya maiko a ku Ulaya, imene inayamba m'chaka cha 1987, ndipo kuyambira 2015 inatsegulira khomo lotere ophunzira a m'maiko akutali monga lathuli.

Tsono tiwerenge bwino miyezi isanuyo. Mwezi woyamba umatha munthu akuphunzira njira, kakweredwe ka sitima ndi kamvedwe ka Chingerezi cha aphunzitsi achilendo. Mwezi wotsiriza umatha ndi mayeso ndi kulongedza. Yotsala ndi miyezi itatu yokha. Amene wafika osadziwa chimene akufuna amadzazindikira tsiku lobwerera litayandikira, ndipo chimene amabwera nacho kumudzi ndi zithunzi basi.

Makomo akutsekeka

Zinthu zingapo zachitika motsatizana zimene zaumitsa ulendo wotere. Choyamba ndi kugwa kwa mphamvu ya kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44, kotero kuti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Kunena kwina, chinthu cha madola 1,000 chimene banja likanagula ndi K1,180,000 chinafika pa K1,700,000 usiku umodzi wokha. Powonjezera apo, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, ndipo wofuna madola kapena mayuro amadikira nthawi yaitali.

Chachiwiri ndi mapepala. Kumayambiriro kwa 2024 boma linaima kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo makina ake atasokonezedwa, ndipo anthu ambiri amene anali ndi maulendo anagwira njakata. Chachitatu ndi kusintha kwa mtima wa maiko otilandira. Dziko la Norway, limene kwa zaka zambiri linkaphunzitsa alendo mwaulere m'sukulu zake za boma, linayamba kulipiritsa fizi ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya m'chaka cha 2023, ngakhale kuti a pamgwirizano wosinthana sanakhudzidwe. Bungwe la USAID, lomwe lija linathandiza kuimika Bunda, linatsekedwa m'chaka cha 2025. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma la America linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yokacheza kapena ya malonda, ndipo mu Disembala linalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 liimitsa maviza a ophunzira kwa nzika za maiko angapo, Malawi ali momwemo.

Tanthauzo la zonsezi ndi lakuti kwa ana ambiri a kumudzi, ulendo waufupi wa pamgwirizano wa sukulu ndi umodzi mwa makomo ochepa amene atsala otsegula. Khomo likachepa, sibwino kuti wolowapo alowe chimanjamanja.

Mtolo umagwera mwana wa mlimi

Mavuto amenewa sagwera onse mofanana. Ngakhale ndondomeko zambiri zimalipira ndege ndi kupereka ndalama yodyera mwezi ndi mwezi, pali zina zimene wophunzira amayamba walipira yekha: pasipoti, zithunzi, viza, inshuwalansi ya zaumoyo, nthawi zina mayeso a Chingerezi, ndi maulendo osatha opita m'tauni. Maiko ena alibe ofesi yoona za maviza a ophunzira m'dziko muno, motero mapepala amatumizidwa kunja ndipo yankho limachedwa. Wopita ku Uganda amafunika chiphaso cha katemera wa yellow fever. Wopita ku Britain kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi amayamba wayezedwa chifuwa chachikulu.

Mwana wa wantchito wa m'tauni amapeza pobwereka. Koma mlimi wa ku Nathenje amagwira ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, pamene kalata yoitana mwana imafika nthawi imene yafuna, ngakhale mu Febuluwale nkhokwe zitauma. Pamenepo m'pamene mbuzi zimagulitsidwa motaya, njinga imapita, munda umabwereketsedwa, ndipo ena amagwa m'manja mwa akatapila. Mwana wanzeru amene sangathe zimenezi amangokhala chete osapempha n'komwe malowo, ndipo palibe buku limene limalemba dzina lake.

Mankhwala ake alipo awiri. Wophunzira asadikire kusankhidwa kuti ayambe kufuna pasipoti. Aipemphe akadali m'chaka choyamba kapena chachiwiri, m'nyengo yokolola. Ndipo akapatsidwa malo afunse, yankho lake likhale lolembedwa, kuti ndi ziti zimene zidzalipiridwa, ndi ndani adzalipira, ndiponso ndalama yoyamba idzafika liti. Safunsa anadya phula. Kumbali ya sukulu zathu, kukanakhala bwino kuti pakhale kathumba kobwereketsa ana osauka ndalama zoyambira zimenezi, n'kudzabweza thandizo lawo likafika. Popanda zotere, mwayi umene unayenera kutsata nzeru udzakhala ukutsata thumba la makolo.

Pepala loposa pasipoti

Pali pepala lina limene ambiri saliwerengera, chonsecho ndilo limasunga chaka cha munthu. Ili ndi pangano la maphunziro, limene m'ndondomeko ya Erasmus limasainidwa ndi anthu atatu: wophunzira, sukulu yomutumiza ndi sukulu yomulandira. M'pepalali mumalembedwa maphunziro amene akatenge kunja, ndi maphunziro a kuno amene adzalowedwa m'malo ndi amenewo. Ku Ulaya ntchito ya chaka chathunthu amaiwerengera mapointi 60, ya theka la chaka 30. Ngati wamkulu wa nthambi ya maphunziro kuno sanavomereze molemba kuti mapointi amenewo adzawerengedwa, wophunzira angathe kubwerera n'kuuzidwa kuti abwereze zonse zimene anzake anaphunzira iye kulibe. Banja limene limayembekeza kuti mwana amaliza chaka chino limapezeka likulipiranso fizi ya chaka china.

Nkhani ya kalendala nayo ndi yofunika kuiona. Kumpoto kwa Ulaya chigawo choyamba chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene kalendala ya sukulu zathu yakhala ikusuntha, makamaka chiyambire kutsekedwa kwa sukulu mu Malichi 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19. Munthu angathe kuyembekezeredwa kunja tsiku lomwe akulemba mayeso kuno. Zimenezi zikonzedwe asanagule tikiti.

Pangano lomweli ndilo limasiyanitsa maphunziro enieni ndi msampha. Pa intaneti pali anthu ambiri olonjeza sukulu yaulere kunja, bola munthu atumize kaye ndalama. M'chaka cha 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a m'maiko angapo a mu Africa anakopedwa ndi malonjezo a maphunziro ndi ntchito ku Alabuga m'dziko la Russia, koma atafika anapezeka akulumikiza tindege tankhondo topanda woyendetsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ulendo umene sukulu yanu sikuudziwa, umene ulibe dzina la mphunzitsi wokakulandirani ngakhale mndandanda wa maphunziro, muukayikire.

Kalumo kake nkati?

Tsopano tifike pamtima pa nkhani. Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu timakonda kuunena za alendo obwera kwathu, koma wophunzira wa pa Bunda akatsika ndege ku Oslo kapena ku Entebbe, mlendoyo ndi iyeyo. Mau akuti kusinthana amatanthauza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi chopereka. Nanga iye wanyamula chiyani?

Taganizani za dziko la Norway. Malo olimidwa kumeneko ndi pafupifupi magawo atatu okha pa 100 alionse a dziko lonse, nyengo yolima ndi yaifupi, ndipo chimanga cha nsima, nandolo kapena mtedza sizili m'minda yawo. Wopita kumeneko kuti akaone kalimidwe kodzatengera ku Mitundu adzakhumudwa. Chimene ali nacho anzathuwo ndi zipangizo zoyezera, mabuku, ndi mwambo wofufuza chinthu mwadongosolo mpaka chitadziwika. Zinthu zimenezi zili ngati chigayo: zimapindulira amene wabwera ndi chimanga chake.

Chimanga chimenecho ndi mafunso a kwathu, ndipo ku Mitundu ndi ku Nathenje sasowa. Tengani nkhani ya chuku cha mtedza. Chukuchi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinatsekereza mtedza wathu kumisika ya ku Ulaya, kumene malamulo ake ndi okhwima zedi. Mwana wokulira kumudzi amadziwa chimene katswiri wa kunja sangachione m'makina ake: kuti mtedza umaumikidwa pati, kuti ena amauwaza madzi kuti makoko afewe posenda, ndiponso kuti wosankhidwa bwino umapita kumsika pamene wotsala ndiwo umasinjidwa nsinjiro za ana pakhomo. Iye akakhala pamodzi ndi wodziwa kuyeza poizoniyo, aliyense amaphunzira kwa mnzake.

Tengani kaufiti, kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga m'nthaka yotopa. Tengani mbozi zachilendo zimene zinalowa m'chimanga chathu cha m'ma 2016 ndi 2017, zimene alimi ena amalimbana nazo pothira dothi, phulusa kapena msuzi wa nsomba m'nsonga ya chimanga kuti nyerere zibwere. Kodi njira zimenezi zimagwira ntchito motani, ndipo pamlingo wanji? Tengani ng'amba ya 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Chifukwa ninji minda ina yoyandikana inapirira pamene ina inapserera? Tengani makala ochokera ku Dzalanyama amene amadutsa pa Mitundu panjinga: wowotchayo angasiye bwanji ntchito imene ikumudyetsa? Lililonse mwa mafunso amenewa ndi lokwana kudzaza miyezi itatu ija.

Chotero ife tikulangiza kuti wophunzira asananyamuke apatule sabata imodzi kapena ziwiri, apite kwawo ndi kope. Akhale pansi ndi agogo ake, afunse maina a nthaka, katondo, makande ndi ya kudambo, ndi chimene chimamera pa iliyonse. Acheze ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake. Alembe mitengo ya mbewu pamsika, kukula kwa minda ndi matumba amene anakololedwa. Zimenezi ndizo anyamule, zolembedwa ndi zojambulidwa. Mbewu, dothi kapena nyama youma asaike m'chikwama popanda chilolezo, pakuti maiko ambiri amalanda zotere pachipata ndipo amalipiritsa.

Mfundo yomweyi ikutiuzanso kuti kutali sindiko kwabwino nthawi zonse. Wofuna kudziwa za chimanga, chinangwa kapena mbuzi angapindule kwambiri ku Sokoine ku Morogoro, ku Makerere ku Kampala kapena ku Egerton ku Kenya, kumene alimi ali ndi timinda tating'ono ngati tathu ndi mavuto ofanana ndi athu. Ndipo tisaiwale kuti pangano la maiko a SADC la zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre m'chaka cha 1997, limalimbikitsa kuti wophunzira wa m'chigawo chino azilipira monga mwana wa m'dziko lomulandira.

Kukhala kwa eni

Za moyo wa kumeneko tingotchula zochepa. Kumpoto kwa Ulaya, mu Disembala dzuwa limaoneka pafupifupi maola asanu ndi limodzi okha m'dera la Oslo, ndipo mdima wotalikawo umalemetsa mtima wa munthu wozolowera dzuwa la kwathu. Wosungulumwa asadzitsekere m'chipinda. Afune anzake, apite kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo zikavuta auze ofesi yosamalira alendo. M'kalasi aphunzitsi amayembekeza kuti wophunzira azifunsa ndi kutsutsa, ndipo kukhala chete kumene ife timakuyesa ulemu iwo amakuyesa kusakonzeka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kukopera mau a munthu wina osamutchula ndi mlandu waukulu umene ungathe kubweza munthu kwawo.

Kwa inu makolo ndi achibale, tikuti ndalama imene mwana amalandira kunja si malipiro. Ikasinthidwa m'makwacha imaoneka ngati chuma, koma inawerengedwa kuti ikwane chipinda, chakudya ndi mabasi pamitengo ya kumeneko. Mwana amene akulandira mauthenga tsiku ndi tsiku opempha ya feteleza amayamba kudumpha chakudya kapena kufuna maganyu oletsedwa ndi viza yake, ndipo maphunziro amalowa pansi. Mulekeni aphunzire, phindu lake lili m'tsogolo.

Ngongole ya wobwerera

Chiyeso chotsiriza ndicho kusabwerera. Wothawa viza yake itatha amaganiza kuti wadzipulumutsa, koma amakhala watseka khomo kwa ang'ono ake, pakuti maiko otilandira amawerenga anthu otere ndipo ndi chiwerengero chimenecho chimene amatchula akamakhwimitsa malamulo. Sukulu imene yatayidwa mwana mmodzi imaganiza kawiri isanaitane wina. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Ndipo wobwererayo ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi ya kusukulu kwake: afotokozere anzake ndi aphunzitsi zimene waona, ndi kulemba malangizo othandiza amene adzapita pambuyo pake. Yachiwiri ndi ya kumudzi. Alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje akhala akuyankha mafunso a ophunzira kwa zaka zoposa 50, kusiya khasu kuti akhale pamkeka ndi mlendo wa mapepala, koma si kawirikawiri pamene wina amabwerera kudzawauza chimene anapeza. Amene anatenga funso kwa agogo ake apemphe a mfumu kuti aitanitse anthu, aime pabwalo, alifotokoze yankho m'Chichewa chomveka, ngakhale yankholo litakhala lakuti njira ya makolo ndiyo inali yolondola. Pamenepo m'pamene anthu a m'mudzi adzaona kuti mbuzi ija sinagulitsidwe pachabe.

Sabata ya mawa tidzaona mbali ina ya nkhaniyi: za ophunzira a m'maiko ena amene amabwera pa Bunda, ndi m'mene midzi yathu imawalandirira.